Ndicheze ndi ndani ndisanalembe zofunika za pulogalamu yatsopano?

Funso la wowerenga: Kampani yathu imapikulitsa katundu. Tili ndi nyumba yosungiramo katundu, magalimoto operekera katundu kwa makasitomala, ndi ofesi yowerengera ndalama. Tikufuna pulogalamu yatsopano ya pakompyuta yoti izilandira maoda, izisunga chiwerengero cha katundu ndi kutulutsa mainvoisi. Ine ndapatsidwa ntchito yolemba zonse zimene pulogalamuyo iyenera kuchita, ndipo abwana andipatsa mayina a mamanijala anayi kuti ndicheze nawo. Kodi anayiwa akukwanira? Ngati sakukwanira, enawo ndiwapeza bwanji, nanga ndidzadziwa bwanji kuti ndafika pamapeto?

Yankho:

Sakukwanira. Chezani nawo ndithu, ndipo muyambire kwa iwowo, chifukwa ndi amene agwira thumba la ndalama komanso ndi amene adzasaine kuti ntchito yatha. Koma mayina amene mwapatsidwawo ndi a anthu olamula, ndipo wolamula nthawi zambiri amakuuzani mmene ntchito iyenera kuyendera, osati mmene imayendera. Sikuti amanama ayi. Manijala wa zamalonda amakhulupiriradi kuti oda iliyonse imalembedwa pafomu, kuvomerezedwa, kenako n'kupita kosungira katundu. Amene akudziwa kuti maoda ena amabwera pafoni, katundu n'kukwezedwa m'galimoto, fomu n'kudzalembedwa mawa lake, ndi kalaliki amene dzina lake palibe pamndandanda wanu. Pulogalamu ikadzakana kutulutsa katundu wopanda fomu, galimoto idzaima pageti tsiku loyamba lomwelo, ndipo sabata isanathe anthu adzakhala atapeza kale njira yoizembera.

Mu 1984, R. Edward Freeman, katswiri wa ku America pa kayendetsedwe ka makampani, anafotokoza kuti wokhudzidwa ndi munthu kapena gulu lililonse limene lingathe kusintha zimene bungwe likufuna kukwaniritsa, kapena limene zochita za bungwelo zingaligwere. Mbali yoyambayo aliyense amaikumbukira, pakuti anthu amphamvu amadziitanira okha kumisonkhano. Yachiwiriyo ndi imene imatayika. Anthu amene pulogalamu idzawagwere muyenera kuchita kuwasaka, ndipo pa tchati chosonyeza maudindo a pakampani simudzawaonapo bwino. Amapezeka mukamatsatira ntchito yeniyeniyo.

Musanayambe kusakako, mamanijala anayiwo akupatseni zimene kalaliki sangakupatseni: chifukwa chenicheni chimene kampani ikutulutsira ndalamazi, ndi malire a ntchito. Kodi chikuwawa ndi katundu amene akusowa, mainvoisi ochedwa, kapena makasitomala odandaula? Kodi kugula katundu kwa opanga kuli mkati mwa pulogalamuyi kapena kunja? Nanga malipiro a madalaivala? Afunseni mmodzimmodzi, ndipo musadabwe mukamva mayankho anayi osiyana. Malire amenewa ndi amene akuuzeni kuti musake mpaka pati. Ngati kugula katundu kuli mkati, ofesi yogula zinthu ndi makampani amene amakugulitsani alowa. Ngati kuli kunja, mukungofunika munthu wokuuzani mmene uthenga wa katundu wobwera udzafikire pulogalamu yanu.

Mukatero, tengani oda imodzi yeniyeni, ya sabata yatha, muilondole ndi mapazi kuyambira pomwe kasitomala anaimba foni mpaka pomwe ndalama yake inaoneka kubanki. Musailondole pabolodi m'chipinda cha misonkhano. Dzukani mupite. Ndani anailandira? Mtengo anauona kuti? Ndani anatsimikiza kuti kasitomalayo alibe ngongole yakale? Pepala linachoka m'manja mwa ndani kupita kwa ndani? Ndani anatsitsa katundu pashelefu, ndani anawerenga, ndani anatsegula geti, ndani anasainitsa kasitomala, nanga pepala losainidwalo linabwerera padesiki la ndani? Dzanja lililonse limene lakhudza odayo ndi dzina latsopano pamndandanda wanu. Mlonda wa pageti amene amafananitsa pepala ndi katundu wa m'galimoto alowe. Alowenso dalaivala amene adzapatsidwe foni yoti azidina akapereka katundu, ali padzuwa loti sikirini sioneka bwino, kasitomala akumufulumizitsa, pamalo pomwe netiweki sigwira. Ndi iye amene angakuuzeni kuti pulogalamu yofuna intaneti nthawi zonse singamuthandize.

Mukamaliza oda yoyenda bwino, pemphani zoipa: katundu wobwezedwa, oda imene inaperekedwa theka, kasitomala amene analipira mopitirira, invoisi yolakwika imene inayenera kufafanizidwa. Apa ndi pomwe mumatulukira anthu amene palibe anawatchula. Wina ndi amene amaloleza kutsitsa mtengo, wina amagamula kuti katundu wobwezedwa abwerere pashelefu kapena atayidwe, wina ndi amene amaimbiridwa foni usiku zinthu zikasokonekera. Kayendedwe ka oda yabwino n'kosavuta kulemba, ndipo kampani iliyonse yopanga mapulogalamu amtunduwu imakadziwa kale. Ndalama zanu zambiri zidzathera pa maoda okhotawa.

Mukakhala pafupi ndi munthu amene akugwira ntchito, makutu okha sakwanira, yang'ananinso padesiki pake. Mudzapeza kope lachikuto cholimba, m'mphepete mwake mutada ndi zala, mmene kalaliki amalemba makasitomala amene amaloledwa kutenga katundu pangongole ngakhale kompyuta ikukana. Mudzapeza timapepala tomata pansi pa sikirini, tili ndi manambala a katundu amene anasintha dzina koma mupulogalamu yakale akadali ndi dzina lakale. Mudzapezanso fayilo ya Excel imene amaimvetsa ndi munthu mmodzi yekha, pomwe ndi yomweyo imene imatulutsa lipoti limene abwana amaganiza kuti limachokera mupulogalamu. Chilichonse mwa zimenezi chikusonyeza pomwe pulogalamu yakale inaperewera, ndipo mwini kopelo ndi wofunika kwa inu kuposa mmene udindo wake ukuonekera. Koma samalani kafikidwe kanu. Anthu amabisa makope amenewa poopa kudzudzulidwa, kotero mukafika manijala wawo ali kumbuyo kwanu, kope lidzalowa m'dirowa ndipo mudzauzidwa kuti zonse zikuyenda bwino. Pitani nokha, ndipo munene poyera kuti simunabwere kudzagwira anthu zolakwa.

Kulondola oda kuli ndi polekezera pake, chifukwa kumakuonetsani anthu a tsiku ndi tsiku okha. Ena amatulukira pa nthawi zawo. Funsani zimene zimachitika kumapeto kwa mwezi, kumapeto kwa chaka cha ndalama, ndi patsiku lowerenga katundu yense. Owerengera ndalama amafuna kuti mwezi ukatsekedwa wina asathenso kubwerera m'mbuyo n'kusintha invoisi. Ofufuza mabuku a ndalama ochokera kunja kwa kampani amabwera kamodzi pachaka, ndipo chimene amafuna ndi kuona amene anasintha nambala, tsiku lake, ndi zimene zinalipo isanasinthidwe. Ngati pulogalamu sinamangidwe kuti izisunga mbiri yotere kuyambira pachiyambi, kuiwonjezera pambuyo pake n'kodula, ndipo zimene zinachitika isanaikidwe zapita basi. Musaiwalenso a shifiti ya usiku ndi a kunthambi zakutali ngati zilipo. Misonkhano ya ntchito zotere imachitika masana kulikulu, ndiye iwo sapezekapo.

Pali gulu lina la anthu amene sadzagwiritsa ntchito pulogalamuyi ngakhale tsiku limodzi, koma ali ndi mphamvu yoiimitsa itatsala pang'ono kuyamba. Loya wa kampani. Woyang'anira chitetezo cha makompyuta. Bungwe lotolera misonkho, limene lili ndi malamulo ake a zimene ziyenera kuoneka pa invoisi ndi zaka zimene mabuku ayenera kusungidwa. Banki, imene ili ndi kalembedwe kake ka mafayilo a malipiro ndipo sidzakasintha chifukwa cha inu. Pulogalamu yanu idzasunganso mayina, manambala a foni ndi ngongole za anthu, ndipo mayiko ambiri tsopano ali ndi malamulo oteteza zinthu zimenezi. Lodziwika kwambiri ndi GDPR la mayiko a European Union, limene linayamba kugwira ntchito pa 25 May 2018. Chindapusa chake chimatha kufika mayuro 20 miliyoni kapena 4 peresenti ya ndalama zonse zimene kampani yalowetsa padziko lonse pachaka, potengera chimene chakula pa ziwirizi. Fufuzani lamulo limene likukhudza inuyo, mupeze munthu wolidziwa, mumuonetse mapulani zinthu zikadali papepala. Anthu amenewa safuna misonkhano yambirimbiri. Kukhala nawo pansi kanthawi koyambirira kumakwanira, pomwe akakana kumapeto mumataya miyezi.

Pafupi ndi iwowa pali amene adzaisamale pulogalamuyo opanga akadzachoka: wa IT amene adzatsegulire antchito atsopano maakaunti ndi kutsekera ochoka, amene azidzasunga kope lina la deta n'kuibwezeretsa seva ikafa, amene adzaphunzitse obwera chaka chamawa, ndi amene adzasamutse deta kuchoka mupulogalamu yakale. Womalizayu mumufunse msanga, chifukwa ndi amene akudziwa kuti kasitomala mmodzi analembedwa katatu m'kalembedwe kosiyana. Mapulogalamu ena amene adzalandire kapena kutumiza deta, monga ya malipiro a antchito kapena yowerengera ndalama, nawo ali ndi eni ake. Jambulani bokosi pakati pa pepala kuimira pulogalamu yanu, mulembe muvi uliwonse wolowa ndi wotuluka, ndipo kumapeto kwa muvi uliwonse muikepo dzina la munthu. Mukaikapo dzina la dipatimenti, mudzasowa woti mumuimbire.

Gulu limene ndikufuna mulisamale kuposa onsewa ndi la anthu amene mlandu udzawagwere pulogalamu ikalakwitsa. Ku Britain, kuyambira mu 1999, Post Office inaika m'nthambi zake pulogalamu yowerengera ndalama yotchedwa Horizon, yopangidwa ndi kampani ya ICL imene inali m'manja mwa Fujitsu. Pulogalamuyo inkasonyeza nthawi zina kuti ndalama zasowa pomwe sizinasowe, ndipo Post Office inkaumiriza oyendetsa nthambizo kuti abweze za m'thumba mwawo. Anthuwo analibe njira yokwanira yofufuzira mmene nambalayo yapezekera kapena yoikanira. Pakati pa 1999 ndi 2015, oposa 900 anazengedwa milandu. Ena anamangidwa, ena anataya nyumba zawo ndi mbiri yawo yabwino. Mu 2019 khoti lalikulu, pamlandu umene anthu 555 anasuma motsogoleredwa ndi Alan Bates, amene kale ankayendetsa imodzi mwa nthambizo, linapeza kuti pulogalamuyo inalidi ndi zolakwika zotha kusokoneza mawerengero a m'nthambi. Nkhaniyi ili ndi mizu yambiri, ndipo waukulu ndi wa akuluakulu amene anakana kumva madandaulo kwa zaka zambiri. Koma ikusiyirani funso lokhudza ntchito yanu mwachindunji: pulogalamu yanu ikadzanena kuti makatoni khumi asowa, adzaitanidwe ku ofesi ndani?

Mwina ndi wosunga makiyi a nyumba ya katundu, mwina ndi dalaivala, ndipo mwina adzadulidwa malipiro. Munthu ameneyo ayenera kutha kuona mndandanda wa zonse zimene zinalowa ndi kutuluka, kuona amene anasintha nambala ndi nthawi yake, komanso kulemba kuti sakugwirizana ndi zimene kompyuta ikunena, popanda kukakamizidwa kudina kuti wavomereza kuti ntchito ipitirire. Manijala sadzakuuzani chofunika chimenechi, osati chifukwa cha nkhanza, koma chifukwa sichinamugwerepo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Choncho paliponse pomwe pulogalamu idzagamule yokha, kaya ndi kukaniza kasitomala ngongole, kuwerengera komishoni ya wogulitsa, kapena kulemba kuti dalaivala wachedwa, funsani kuti chigamulocho chikugwera ndani, mukacheze naye. Zimandiwawa kuona ntchito zambiri zikudumpha sitepe imeneyi, chifukwa kukonza kwake n'kotsika mtengo ikadali papepala, pomwe wovutika nayo pambuyo pake amakhala munthu amene alibe kokadandaula.

Palinso amene pulogalamu idzawalande kanthu. Kalaliki amene ntchito yake ndi kukopera manambala kuchoka papepala kupita mukompyuta akudziwa bwino kuti pulogalamu yatsopano ikhoza kuthetsa ntchito yake. Wina ulemu wake wonse wagona pa kukhala yekhayo wodziwa pomwe katundu ali. Winanso, tinene zoona, amapindula ndi chisokonezo chimene chilipo panopa. Ian Alexander, katswiri wa ku Britain pa ntchito yosonkhanitsa zofunika, amaika otsutsa ndi adani a pulogalamu pamndandanda womwewo wa okhudzidwa, ndipo ndikugwirizana naye. Oopa kuchotsedwa ntchito mulankhule nawo moona. Za tsogolo la ntchito zawo anene ndi abwana eni ake, inu musalonjeze chimene simungathe kuchisunga. Ngati pali bungwe loimira antchito, limve nkhaniyi kwa akuluakulu a kampani isanalifike ngati mphekesera. Wakuba yekha simungamuitane kumsonkhano, koma mukhoza kukhala pansi ndi wachitetezo ndi wofufuza mabuku n'kufunsa kuti munthu wofuna kutulutsa katundu mwachinyengo angadutse pati. Yankho lake limabala zofunika zenizeni, monga lamulo lakuti wolemba oda asakhale yemweyo woivomereza.

Mukayamba kupempha nthawi ya anthu onsewa, mudzamva mawu akuti "musawavutitse, ine ndiwalankhulira." Kanani mwaulemu. Kapitawo amene anasiya kuyendetsa galimoto kalekale amakumbukira ntchito ya nthawi yake, osati ya lero. Pa 26 October 1992, bungwe la maambulansi mumzinda wa London linayamba kugwiritsa ntchito mokwanira pulogalamu yatsopano yosankha ambulansi yoti ipite kwa wodwala. Pulogalamuyo inkadalira kudziwa molondola nthawi zonse pomwe galimoto iliyonse ili ndi chimene ikuchita. Kuti zitero, ogwira ntchito m'maambulansi anayenera kumadina mabatani oyenera mwadongosolo lake ali mkati mothandiza odwala, ndipo wailesi inayenera kumamveka bwino paliponse. Kumsewu sizinali choncho. Mabatani ankadinidwa molakwika kapena kuiwalika, mauthenga a wailesi ankatayika, pulogalamu inayamba kutumiza magalimoto angapo kumalo amodzi, ndipo odwala ena anadikira maola. Pa 4 November inaimiratu, anthu n'kubwerera ku mapepala. Lipoti la kafukufuku limene linatuluka mu 1993 linatchula zifukwa zingapo, kuphatikizapo kuthamangitsa ntchito, maphunziro osakwanira, ndi kusakhulupirirana pakati pa akuluakulu ndi antchito, amene sankaiona pulogalamuyo ngati yawo. Madalaivala ndi osunga katundu anu ali pamalo ofanana ndi amenewo: mawerengero onse a kampani adzadalira zala zawo.

Sindikunena kuti mucheze ndi dalaivala aliyense. Pagulu lililonse sankhani anthu osiyana: wokhalitsa ndi wobwera kumene, wachangu pakompyuta ndi amene amaiopa, wa kulikulu ndi wa kunthambi. Manijala mukamusiyira kuti asankhe yekha amatumiza katswiri wake wa pakompyuta, kapena amene alibe chochita sabata imeneyo, ndipo awiri onsewa saimira anzawo. Funsaninso ngati pali amene saona bwino, amene sasiyanitsa mtundu wofiira ndi wobiriwira, kapena amene sawerenga bwino chilankhulo chimene pulogalamu idzalembedwemo. Makasitomala nawo asatsale: wamkulu amene amafuna invoisi yolembedwa mwanjira yakeyake, ndi wamng'ono amene amaoda pafoni.

Kachezedwe kake nakonso kamasankha amene amveke. Mukaika mlonda, dalaivala ndi mkulu wa kampani patebulo limodzi, adzalankhula ndi mkuluyo, enawo adzangogwedeza mutu, inu n'kulemba kuti onse agwirizana. Yambani ndi munthu payekha, pamalo pomwe amagwirira ntchito, kapena pamodzi ndi anzake ofanana naye udindo. Musamufunse kuti akufuna pulogalamu yotani, pakuti adzakufotokozerani yakale yomwe ija ndi batani limodzi lowonjezera. Mupempheni akuonetseni zimene anachita dzulo, chimene chinamuchedwetsa, ndi chimene amachita kompyuta ikazima. Akanena kuti akufuna batani losindikizira pepala kawiri, funsani kuti pepala lachiwirilo limapita kwa ndani, chifukwa nthawi zambiri kumeneko kuli munthu amene simunamulembe. Pomaliza kucheza kulikonse funsani kuti, "Ndani wina amene ndiyenera kumuona?" Kenako mufunsenso kuti, "Ndani adzakwiye akadzamva kuti tinapanga izi osamufunsa?" Funso lachiwirili limatulutsa mayina amene loyamba silitulutsa.

Mndandanda udzatalika msanga, ndipo simungapatse aliyense nthawi yofanana. Njira yofala ndi kujambula tchati cha zigawo zinayi, mbali ina mphamvu za munthu, mbali ina chidwi chake pa ntchitoyi, kenako n'kusamala kwambiri amene ali nazo zonse ziwiri. Tchati chimenechi chimathandiza kudziwa amene muyenera kumamudziwitsa pafupipafupi kuti ntchito isaime, koma chisakusankhireni woti mumumvere. Mukachilola kutero, dalaivala ndi wosunga katundu adzagwera pakona ya opanda mphamvu, inu n'kupezeka mwabwerera kwa mamanijala okhaokha. Mu 1997 akatswiri ofufuza Ronald Mitchell, Bradley Agle ndi Donna Wood anapereka miyeso itatu yosankhira okhudzidwa oyenera kuwamvera: mphamvu za munthu, kuyenera kwa zimene akupempha, ndi changu chimene nkhani yake ikufunika. Muyeso wachiwiriwo ndi umene umapatsa malo munthu wopanda udindo koma wokhala ndi chifukwa chomveka. Ine ndimawonjezerapo funso lina: ndani akudziwa chinthu chimene wina aliyense sakuchidziwa? Ameneyo mumupatse nthawi yokwanira, kaya akhale wa udindo wotani.

Okhudzidwa akachuluka, zofuna zawo zimawombana, ndipo musaganize kuti mwalakwitsa. Ogulitsa adzafuna kuti oda izidutsa msanga popanda chotchinga, owerengera ndalama adzafuna kuti isadutse ngati kasitomala ali ndi ngongole. Mkangano umenewu unalipo kale, unkangothetsedwa pafoni tsiku ndi tsiku, koma pulogalamu imafuna yankho limodzi lolembedwa. Inu sindinu woweruza. Lembani mbali zonse ziwiri ndi zotsatira zake, mupite nazo kwa munthu mmodzi amene ali ndi mphamvu yogamula, ndipo dzina la munthu ameneyo lidziwike ntchito isanayambe. Mukapanda kutero, adzagamula ndi wolemba pulogalamu ali yekha pakompyuta pake, ndipo adzasankha chimene chili chosavuta kulemba.

Zolemba zanu zisakhale zovuta. Tchati chimodzi n'chokwanira: dzina la munthu, ntchito yake, chimene akufuna, chimene akuopa, gulu limene akuliimira, ndi tsiku limene munacheza naye. Gawo la zimene akuopalo mulisunge mosamala, lisamazungulire pa imelo. Chofunika chilichonse chimene mwalemba chikhale ndi dzina la amene anachipempha ndi chifukwa chake, kuti miyezi ikadzapita, opanga akadzanena kuti ndalama zachepa ndipo zina zichotsedwe, mudzadziwe woti mumufunse musanadule. Muyezo wa padziko lonse wa ntchitoyi, ISO/IEC/IEEE 29148, umasiyanitsa zofuna za okhudzidwa ndi zofunika za pulogalamu yeniyeniyo, ndipo umafuna kuti chofunika chilichonse chizilondoleka mpaka komwe chinachokera. Chofunika chimene palibe akuchivomera kuti n'chake muchikayikire.

Abwana akanena kuti palibe nthawi ya zonsezi, mukhoza kutchula kafukufuku wa mu 1994 wa kampani yofufuza ya Standish Group, amene anapeza kuti mwa ntchito za mapulogalamu zimene anaunika ku America, 16 peresenti yokha ndi imene inatha pa nthawi yake ndi pa ndalama zimene zinakonzedwa, 31 peresenti inathetsedwa isanathe, ndipo kusafunsa ogwiritsa ntchito kunali pakati pa zifukwa zotchulidwa kwambiri. Akatswiri ena anatsutsa mmene manambalawo anapezedwera, choncho musawadalire kwambiri. Chimene abwana amachimva msanga ndi cha pakampani pawo pomwe. Pitani ndi tsamba limodzi la kope la kalaliki, mwini wake atalola, kapena nkhani ya oda imodzi imene inadutsa m'manja mwa anthu ambiri kuposa amene iwo ankaganiza, muwaonetse kuti awa ndi amene sitinawafunse, ndipo ichi ndi chimene pulogalamu ikanakana kuchita.

Mudzadziwa kuti mwayandikira pamapeto funso la "ndani wina" likayamba kukubwezerani mayina amene muli nawo kale, muvi uliwonse pachojambula chanu ukakhala ndi munthu kumapeto kwake, ndiponso sitepe iliyonse ya oda yabwino ndi yoipa ikakhala ndi mwini. Pamenepo sindikizani mayina ndi maudindo okha, mupachike pomwe antchito amadutsa, mupemphe kuti aliyense alembepo amene wasowa. Kenako yambani kulemba zofunikazo, musadikire kuti mndandanda ukhale wopanda chilema. Koma muziutsegulanso nthawi iliyonse malire a ntchito akasuntha. Tsiku limene abwana adzanene kuti makasitomala azithanso kuoda okha pa intaneti n'kulipira ndi khadi, okhudzidwa atsopano alowa nthawi yomweyo: kampani yoyendetsa malipiro a makhadi pamodzi ndi malamulo a chitetezo otchedwa PCI DSS, munthu woyankha mafoni a makasitomala amene aiwala pasiwedi, ndi wojambula zithunzi ndi kulemba mafotokozedwe a katundu aliyense, ntchito imene mwina panopa palibe amene akuigwira pakampani panu.